Pamene Mutu wa Mwana Unali Malipiro a Mphunzitsi

Adzukulu anga, inu amene munabadwira kuno ku Perth, ndi inu amene munabwera muli kumbuyo kwa amayi anu, takhalani pansi ndikuuzeni za nthaka mukupondayi. Ine kuno ndine mlendo, ndinafika imvi zitamera kale, koma mlendo wokalamba ali ndi nthawi yoima n'kuwerenga zolembedwa pakhoma pamene eni mudzi akuthamangira basi. Mumsewu wa St Georges Terrace, patsinde pa nyumba zagalasi zokanda mitambo zija, pali kanyumba kamiyala yotuwa, kadenga losongoka, kamene wodutsa angati ndi tchalitchi. Si tchalitchi ayi. Ndi sukulu yakale ya anyamata, Perth Boys' School, imene anamaliza kumanga mu 1854. Tsiku limene ndinakapeza ndinaika chikhatho pamwala wake, mtima n'kuthawira kwathu ku Dowa, kumene ndinakhala zaka zambiri mu komiti ya sukulu, tikuponda dothi, kuumba njerwa, kutuma amayi kukatunga madzi, n'kumakangana mpaka dzuwa kulowa za amene adye mbuzi ya amisiri. Ndiye ndinadzifunsa kuti, kodi anzathu amene anaunjika miyala iyi ndalama ankaitenga kuti? Nanga buku lake ankasunga ndani?

Tiyambe ndi eni nthaka, poti mlendo sayamba kudya asanalonjere mwini nyumba. Dera lino ndi la a Whadjuk, a mtundu wa Noongar. Mtsinje mumautcha Swan uwu iwo amati Derbarl Yerrigan, ndipo pamene pali tauni pano amati Boorloo. Chaka chawo chili ndi nyengo zisanu ndi imodzi, Birak, Bunuru, Djeran, Makuru, Djilba ndi Kambarang, ndipo mwana wawo ankaphunzira monga tinkaphunzirira ife pamoto madzulo, kutsata agogo ake kudambo, kudziwa muzu wodyedwa ndi muzu wakupha, kudziwa mwezi umene nsomba zimakwera mtsinje. Sukulu imeneyo inalibe fizi, inalibenso kaundula.

Mu 1829 kunafika zombo za Angerezi ndi James Stirling. Anauzidwa kwawo kuti akupita kudziko lachonde, koma anapeza mchenga, mchenga womwe uno umene amayi anu amadandaula nawo akafuna kudzala chimanga kuseri kwa nyumba. Zaka zoyambazo njala inawagwira ndithu. Ankadya nyama yankhumba yamchere yochokera m'migolo ya m'zombo, nyama ya kangaroo, ndi mkate wa ufa wa tirigu, madzi ndi mchere, wokwirira m'phulusa lamoto monga timaotchera mbatata. Nkhosa zawo zinkafa ndi zitsamba zaululu zimene iwo sankazidziwa, poti safunsa anadya phula. Munthu wotere ukamuuza za sukulu amakuyang'ana ngati wamutukwana. N'chifukwa chake sukulu yoyamba inalibe nyumba yakeyake. Ana ankaphunzira m'katchalitchi kamabango kamene kankagwiranso ntchito ya bwalo la milandu, ndipo nyumba ya khoti imene anamaliza kumanga mu 1837, imene ikadalipo mpaka lero pafupi ndi Stirling Gardens, nayonso inkasinthasintha nkhope: lero woweruza, mawa ana ndi masileti awo, Lamlungu nyimbo za mapemphero.

Chimene chinadzutsa boma kutulo ndi amayi ochepa chabe. Mu January 1846 kunafika masisitere a Chikatolika a Sisters of Mercy kuchokera ku Ireland, mtsogoleri wawo Ursula Frayne, limodzi ndi Bishopu John Brady. Pa 2 February anatsegula sukulu, ndipo tsiku loyambalo kunabwera mwana mmodzi yekha. Sanagwe mphwayi. Anayenda khomo ndi khomo m'mchenga wotentha uja, atavala mikanjo yawo yolemera, ndipo miyezi ingapo itapita m'kalasi munadzaza, ana ambiri a makolo amene sanali Akatolika n'komwe. Sukulu imeneyo ndiyo Mercedes College ya ku Victoria Square. Akuluakulu a Chiangilikani ndi a Wesile ataona ana awo akupita kwa masisitere, tulo tinawathawa. Mu 1847 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira maphunziro, General Board of Education, wapampando wake M'busa John Wittenoom, ndipo kumidzi kunaikidwa timakomiti toyang'anira sukulu za boma. Kanyumba ka pa St Georges Terrace kaja ndi chipatso cha nthawi imeneyi. Anakajambula ndi mlembi wamkulu wa boma, William Sanford, amene anakonda maonekedwe a tchalitchi mpaka kuiwala kuti ana amafuna kuwala ndi mphepo. Mawindo ake mukawaona ndi ang'onoang'ono, ndipo inu mukudziwa mmene February wa kuno amawotchera.

Koma nyumba si sukulu. Sukulu ndi mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amadya. Malipiro anali ochepa kotero kuti munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengera ankasankha ukalaliki kapena sitolo. Ndiye ndani akanapita kukakhala kuthengo, m'kachipinda kogundana ndi kalasi, n'kumadikira makobiri a makolo osauka? Yankho linabwera pa chombo cha akaidi. Kuyambira mu June 1850, pamene chombo cha Scindian chinakocheza ku Fremantle, kufikira mu January 1868, pamene chinafika chomaliza cha Hougoumont, Britain inatumiza kuno amuna oposa 9,000 omangidwa. Iwowa ndiwo anaswa miyala, kulambula misewu, kumanga ndende ya Fremantle ndi holo ya tauni ya Perth. Anthu ankawaopa. Belu likalira 10 koloko usiku, wopezeka panja ankafunsidwa ngati ali mfulu kapena womangidwa, ndipo amayi ankaopseza ana ndi dzina la Moondyne Joe, mkaidi amene ankangothawathawa, mpaka mu 1867 anatuluka m'ndende ya Fremantle momwe anam'mangira chipinda chapadera. Komabe pakati pa akaidiwo panali anthu ophunzira, omangidwa chifukwa cha chinyengo cha mapepala ndi ndalama. Atamasulidwa, okwana 37 analembedwa uphunzitsi m'sukulu za boma. Mmodzi anali James Elphinstone Roe, amene kwawo anali m'busa, ndipo anaphunzitsa ku Greenough, kumene mphepo ya kunyanja imaweramitsa mitengo mpaka kugona pansi, kenako anakhala mlembi wa nyuzipepala ku Fremantle. Taganizani, ana anga, bambo amene sangadye mbale imodzi ndi munthu wotere, m'mawa akum'tumizira mwana wake wamkazi kuti akam'phunzitse a, e, i, o, u. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine amuna amenewo ndimawalemekeza, chifukwa anapita kumene afulu anakana.

Tsono nkhondo yeniyeni inali ya chikwama. Pa nthawi ya Bwanamkubwa Charles Fitzgerald boma linkapatsako sukulu za Akatolika kangachepe. Arthur Kennedy atalowa anadula thandizolo mu 1856, nati boma lili ndi sukulu zake, wofuna abwere kumeneko. Akatolika, ambiri a iwo Aairishi osauka, antchito a m'nyumba ndi akaidi omasulidwa, anati msonkho timapereka tonse, nanga bwanji ana athu alibe gawo? Analemba madandaulo, anasonkha okha, anadikira zaka 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1869 kunabwera Bwanamkubwa Frederick Weld, yemwe anali Mkatolika, ndipo mu 1871 nyumba ya malamulo, imene inali itangoyamba kukhala ndi aphungu osankhidwa, inavomereza lamulo la maphunziro a pulayimale, Elementary Education Act, lotengera zina ku lamulo la ku England la 1870.

Apa ndipo ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene ndinadziona ndekha ngati pagalasi.

Lamuloli linamanga nyumba ya nsanjika ziwiri. Pamwamba, kuno ku Perth, panali bodi yaikulu ya anthu asanu, wapampando wake mlembi wamkulu wa boma, amene nthawi imeneyo anali Frederick Barlee, ndi ena anayi osakhala abusa, osankhidwa mosamala kuti mpingo umodzi usachulukemo. Iwowa ndiwo ankagwira thumba, kuika malamulo, kutuma woyendera sukulu. Pansi panali mabodi a m'madera, ku Perth, Fremantle, York, Albany ndi kwina, lililonse la anthu asanu osankhidwa ndi anthu a m'deralo kwa zaka zitatu. Ntchito yawo inali kuyang'anira sukulu, kuona za kulemba ndi kuchotsa aphunzitsi movomerezana ndi a ku Perth, kumva madandaulo a makolo, ndiponso anapatsidwa mphamvu yokakamiza mwana aliyense wa zaka 6 mpaka 14 wokhala pasanapitirire mamailosi atatu kuti azipita kusukulu. Malipiro analibe anthu amenewa. Anali alimi, eni sitolo, abusa, oweruza a m'dera, anthu osiya ntchito zawo n'kukwera hatchi kupita kumsonkhano, monga ife tinkasiyira khasu m'munda.

Sukulu zinagawidwa pawiri: za boma, ndi zothandizidwa, zimene zambiri zinali za Akatolika. Ndalama ya boma sinkabwera ngati mtolo umodzi ayi, inkatsata mutu wa mwana. Ankawerenga ana amene ankabweradi tsiku ndi tsiku, kenako ankaona angati akhoza mayeso a woyendera sukulu, ndipo mwana wa sukulu yothandizidwa ankawerengedwa theka la mnzake wa sukulu ya boma. Pamwamba pa apo makolo ankapereka fizi pa sabata, makobiri angapo, mwina tiki, ndalama zomwe zija agogo anu tinazigwirako pamene paundi ndi sheleni zinkayenda ku Nyasaland. Fiziyo inali mbali ya malipiro a mphunzitsi. Wosauka kwenikweni ankatha kukhululukidwa, koma anayenera kudziwika kuti ndi wosauka, ndipo inu mukudziwa kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Makolo ena ankangomusunga mwana pakhomo kusiyana n'kukaulula umphawi pamaso pa anthu asanu amene amakumana nawo kutchalitchi. Za chipembedzo anazipatsa nthawi yakeyake, kuti kholo losafuna lithe kum'chotsa mwana wake ola limenelo.

Tsopano tayerekezani kuti ndinu mphunzitsi kuchigwa cha Avon, cha ku York kapena Toodyay uko. Mwadzuka m'mawa wa July, poti kuno mvula imagwa nthawi yachisanu, mosemphana ndi kwathu. Mtsinje wadzaza. Mwatsegula chitseko, mwakoleza moto, mwafoletsa masileti pabenchi, mabuku owerenga ochokera ku Ireland mwawapukuta chinyezi, ndiye mwaima pakhomo kuyang'ana njira. Kukubwera ana asanu ndi awiri, ena opanda nsapato, mapazi ofiira ndi kuzizira, m'manja kansalu komangamo mkate ndi mafuta ankhosa, atayenda mtunda woposa ola limodzi m'thengo. Ena onse kulibe. Uyu akuweta nkhosa, uyu wapita ndi bambo ake kukadula mitengo yonunkhira ya sandalwood yogulitsa ku Singapore ndi ku China, uyu akulera mng'ono wake. Mukatenga cholembera kuti mulembe kaundula, dzina lililonse lopanda chizindikiro ndi ufa wochotsedwa m'thumba lanu. Mvula ikatha kukubwera kumeta nkhosa, kenako kukolola tirigu cha mu December, ndipo chikuku chikalowa m'mudzi, monga chinachitira mu 1883, sukulu yonse imangoti zii.

Kenako tsiku la woyendera sukulu. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali pamsana pa munthu mmodzi, William Adkinson, amene poyamba anali mphunzitsi wamkulu pa kanyumba ka pa St Georges Terrace kaja. Dziko lino la Western Australia ndi lalikulu kuposa Malawi maulendo makumi awiri, ndipo mu 1870 atsamunda onse analipo ngati 25,000, omwazika kuyambira ku Albany mpaka kumpoto kupitirira Geraldton. Njanji ya Fremantle, Perth ndi Guildford inadza mu 1881. M'madera ena ambiri munali hatchi, ngolo ndi chombo. Woyenderayo akafika, ana ankaimirira mmodzimmodzi, kuwerenga, kulemba, masamu. Mwana akachita chibwibwi ndi mantha, mphunzitsi ndiye ankagona ndi njala. Ndiye mudabwa kuti aphunzitsi ankangolowezetsa ana ngati zinkhwe, ndi ndodo pambali? Ine njira imeneyi sindiikonda, ndipo ndinena poyera. Nkhuyu zodya mwana zinkapota wamkulu. Munthu sungam'lipire potengera mvula, chikuku ndi nkhosa za mnansi wake.

Nawo a bodi anali pampanipani wawo. Lamulo likuti kakamizani ana, koma bambo amene sakutumiza mwanayo ndi amene amakumetera nkhosa, kapena mwanayo akuweta nkhosa zako zomwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiye madera ena mphamvu yokakamizayo inangogona m'buku. Denga likadontha ankalemba kalata ku Perth, kalatayo n'kuyenda masiku, yankho n'kubwera lakuti thumba lachepa, anthu a kumeneko asonkheko kaye gawo lawo. Mawu amenewo ine ndimawadziwa ngati dzina langa. Nafenso tinkauzidwa kuti umbani njerwa, tutani mchenga, malata ndi simenti zibwera, ndipo chaka china uvuni wathu unamera udzu tikudikira. Koma ndisawanyoze anthu asanu aja. Pamene bodi inali yamoyo, sukulu inkaima; wina ankapereka malo, wina ngolo yotutira miyala, wina nkhuni za m'chisanu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo madenga amenewo anasenzedwadi ndi anthu wamba.

Pali ana ena amene sindinawatchule m'kaundulayu, ndipo mtima umandiwawa. Ana a eni nthaka. Kalembera amene anapeza anthu 25,000 uja sanawawerenge mokwanira makolo awo, ndipo ndalama yotsata mutu wa mwana kawirikawiri inkawadumpha. Amene anaphunzira anaphunzira kumishoni: kwa M'busa John Smithies wa Wesile, amene anatsegula sukulu ya ana a Noongar ku Perth mu 1840, kwa Anne Camfield ku Albany kuyambira 1852, ndi ku New Norcia kwa amonke a Rosendo Salvado. Kumeneko ambiri ankakonzekeretsedwa ntchito za m'nyumba ndi m'minda ya azungu, kutali ndi amayi awo ndi chilankhulo chawo, pamene amuna a mtundu wawo ankatengedwa m'maunyolo kupita kundende ya pachilumba cha Rottnest, chimene iwo amati Wadjemup, kumene inu mumapita patchuthi kukajambula tinyama tosekerera tija. M'zaka zomwezo m'tauni muno munkayenda mayi wa Chiwhadjuk, Fanny Balbuk. Njira ya makolo ake yopita kudambo, pamene lero pali siteshoni ya sitima ya Perth, anali ataitchinga ndi mipanda ndi nyumba, koma iye ankangodutsa pomwepo, kuthyola mpanda ndi ndodo yake yokumbira. Anamwalira mu 1907. Ndikamaganiza za anyamata a m'kanyumba kamiyala kaja akusuzumira pawindo, ndimati mwina anamuona akudutsa, osadziwa kuti akuona mphunzitsi wamkulu wa dziko limene akukhalamo.

Zinthu zinatembenuka ndi golide, poti chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1890 dziko lino linayamba kudzilamulira, nduna yaikulu John Forrest, amene ali mnyamata anaphunzira pa sukulu ya Bishopu Mathew Hale ku The Cloisters, mumsewu womwe uja. Mu 1892 golide anapezeka ku Coolgardie, mu 1893 Paddy Hannan anam'peza ku Kalgoorlie, ndipo anthu amene mu 1891 sankafika 50,000 anapitirira 180,000 pofika 1901. Ana anasefukira, ena akuphunzirira m'matenti, tayifodi ikusesa m'misasa. Anthu asanu okumana mwa apo ndi apo sakanathanso. Mu 1893 bodi yaikulu inathetsedwa, m'malo mwake munabwera dipatimenti ya maphunziro yokhala ndi nduna yake. Mu 1895, atalimbikira kwambiri John Winthrop Hackett wa nyuzipepala ya The West Australian, thandizo la sukulu za mipingo linathetsedwa, boma n'kupereka chipukutamisozi cha mapaundi 15,000. Mu 1897 kunafika Cyril Jackson kuchokera ku London kudzakonza kaphunzitsidwe, ndipo mu 1899 fizi ya pulayimale m'sukulu za boma inachotsedwa. Mabodi a m'madera anakhalapobe, koma mphamvu zikuwathera pang'onopang'ono, mpaka m'ma 1920 malo awo anatengedwa ndi mabungwe a makolo amene mumawatcha P&C aja.

Nthawi yonseyi kwathu kunali bwanji? Pamene lamulo la Weld linali ndi zaka zinayi, mu 1875, Robert Laws ndi anzake anafika ku Cape Maclear. Blantyre Mission inayamba mu 1876, Mvera mu 1889. Sukulu zimenezo zinkayenda ndi zopereka za Akhristu a ku Scotland ndi ku South Africa, ndi thukuta la anthu a m'midzi omweta udzu ndi kudula milimo. Boma la atsamunda linayamba kuponyako dzanja mu 1907, mapaundi 1,000 a mishoni zonse pamodzi, ndipo dipatimenti ya maphunziro inadza mu 1926. Fizi ya pulayimale inachoka mu 1994, zaka 95 pambuyo pa kuno. Ndinalipo chaka chimenecho. Ana anabwera ngati ngumbi, tinawakhazika pansi pa mtengo wa mango, bolodi titalitsamiritsa pathunthu, ine ndikuyenda ndi buku la komiti kukhwapa kupempha mafumu kuti atipatse anthu oumba njerwa.

Mwezi wathawu amayi anu ananditenga kumsonkhano wa P&C kusukulu kwanu. Panali makolo osapitirira khumi m'chipinda cha mabuku, ena atavala za kuntchito, mayi wina akuwerenga lipoti la ndalama zimene anapeza pogulitsa masoseji Loweruka, ndipo anakambirana nthawi yaitali ngati agule kaye mthunzi wa pabwalo losewerera kapena mabuku. Chingerezi chawo chothamanga chija sindinachimve chonse, koma nkhaniyo ndinaitsata bwinobwino, ndipo dzanja langa linkafuna kukwera lokha.

Loweruka likubwerali musagone mpaka dzuwa kukwera. Tikwere sitima, tikatsikire pamene panali dambo la Fanny Balbuk, titsetsereke wapansi mpaka St Georges Terrace. Ndikufuna aliyense wa inu akaike chikhatho pamwala uja, kenako mukaime pansi pa mawindo, mundiuze ngati inu mukanatha kuwerenga m'menemo. Mutenge madzi akumwa ndi zipewa, ndipo wamng'onoyo mum'veke nsapato.